Manja a mayi anga pa khoma la masitepe

Ukafuna kudziwa amene banja limamulemekeza, yang'ana khoma la pabalaza. Kwathu ku Utale makoma ambiri ndi a zidina kapena a njerwa zomangira matope, moti msomali sugwira bwino, koma sipalephera kupezeka kanthu kopachika. Pali kalendala ya kuparishi, nthawi zina ya chaka chatha chifukwa chithunzi chake n'chokongola. Pali chithunzi cha ukwati, cha mwana tsiku lolandira Ukaristia woyamba, setifiketi ya Fomu 4 mu felemu, nsalu ya chipani, anyamata a Bullets kapena a Wanderers odulidwa m'nyuzipepala. Kunja nako, Khirisimasi ikamayandikira, amayi amazira nyumba n'kulemba maluwa ndi mizere ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda. Mvula imadzafufuta, chaka chamawa n'kulembanso.

Masitepe ndiwo kulibe kuno. Amene ife tinakula tikuwadziwa ndi a pakhomo la tchalitchi ndi okwerera sitima pasiteshoni. Nkhani ya khoma la masitepe yandifika kudzera mwa mwana wa mlongo wanga, amene anamanga nyumba yosanja ku Chilomoni, mu Blantyre, mmunsi mwa phiri la Michiru. Mwanayu ali ndi luso lojambula ndi penti. Wajambula milambe ya ku Balaka, amayi akutola thonje, Rivirivi m'chilimwe atasanduka mchenga wokhawokha, sitima ya malasha ikudutsa pa Nkaya. Anaganiza zondandalika zonsezi m'khoma lokwera nalo kuchipinda cham'mwamba, pamodzi ndi zojambula za ana ake za makrayoni ndi zithunzi za abale. Tsono anandiimbira foni: "Amalume, chithunzi cha agogo chija chikadalipo?" Amanena mayi anga. Chithunzi chawo chilipo chimodzi chokha, ndipo ndimasunga ndine.

Amuna ake, akamwini athu, ndi munthu wopemphera ndi mtima wonse mu mpingo wina wa Chipentekoste, ndipo ndimawalemekeza. Iwo anati milambe ipachikidwe, sitima ipachikidwe, za ana zipachikidwe, koma nkhope ya munthu wakufa ayi. "Amalume," anatero, "lamulo la Mulungu likuletsa chifaniziro. Komanso wakufa ali ndi kwawo. Tikamuika pamene ana anga akudutsa m'mawa ndi usiku, ndiye kuti tikumuitana."

Awa si mawu oti munthu n'kuwataya kudzala. Lamulo lija la pa Eksodo 20 ndi lolimba, ndipo ife a ku Balaka takhala nawo mayankho atatu pa lamulo limeneli, khomo ndi khomo, kwa zaka zoposa zana. Ansembe a chipani cha Montfort, amene anayamba ntchito yawo ku Nzama mu 1901 n'kudzatsegula mishoni ya Utale mu 1908, anabwera ndi mitanda yokhala ndi thupi la Yesu, zithunzi za Maria ndi za oyera. A CCAP, omwe mizu yawo ili kwa Calvin kudzera ku Scotland, amakonda makoma osalembapo kanthu, gome la mlaliki ndi Baibulo. Makolo awo m'chikhulupiriro anachotsa zithunzi m'matchalitchi a ku Zurich mu 1524. Abale athu Achisilamu, amene ndi ambiri kuno ndi ku Machinga, salola nkhope ya munthu kapena ya nyama mumzikiti. Ine ndinakulira Chikatolika, koma ndikalowa m'nyumba yopemphereramo yopanda chithunzi ndimamva chimene eni ake akuteteza. Mulungu sakwana mu felemu, ndipo mtima wa munthu suchedwa kugwadira chimene manja ake apanga.

Komabe Mose yemweyo amene anatsika ndi lamulo analamulidwa kusula akerubi awiri agolide pa likasa la chipangano, ndipo pa Numeri 21 anapanga njoka yamkuwa, naipachika pamtengo kuti olumidwa ndi njoka ayang'ane ndi kuchira. Patapita mibadwo yambiri, Mfumu Hezekiya inaiphwanya njoka ija, monga 2 Mafumu 18 ikufotokozera, chifukwa anthu anali atayamba kuifukizira lubani. Mkuwa unali womwewo. Chinasintha ndi chimene anthu ankachita pamaso pake. M'chipululu munthu ankayang'ana, n'kuchira, n'kunyamula katundu wake ulendo n'kupitirira. M'masiku a Hezekiya anthu anali ataima pomwepo, akuyembekeza kwa mkuwa zimene mkuwa sungapereke. Apa ndi pamene ine ndimayezera chilichonse chopachikidwa pakhoma: chikandigwira maso, kodi chimandimasula kuti ndipite kwa Mulungu ndi kwa anthu amoyo, kapena chimandimanga?

Fano lenileni ine ndinaliona, ndipo silinali m'tchalitchi. Amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tikukumbukira chithunzi cha Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda. Chinkapachikidwa m'magolosale ndi m'maofesi, ndipo pakhoma pomwe chinali sipankaloledwa china chokwera kuposa icho, ngakhale wotchi. Nkhope yomweyo inali pa ndalama, pa baji ya pachifuwa, pa nsalu za mbumba. Kuyambira 1971 mwini nkhopeyo anali pulezidenti wamuyaya. Sindikuweruza pano ulamuliro wonse uja, umene uli ndi oukonda ndi oudandaula mpaka lero. Ndikunena za chimene pepala lija linkachita mumtima mwa munthu wolowa m'sitolo kukagula sopo. Mawu ankatsika. Nthabwala inkathera pakhomo. Bambo ankagwira dzanja la mwana wake kuti asaloze m'mwamba ndi chala. Palibe ankalifukizira lubani pepalalo, koma linkalandira kwa ife mantha ndi kutseka pakamwa, zomwe ndi nsembe zodula kuposa lubani.

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula zolakwika za m'dziko. Kalatayo inasindikizidwa ku Balaka konkuno, pa makina a ansembe a Montfort, ndipo pasanapite nthawi anthu anakayatsa moto pamalopo. Pa 14 Juni 1993 dziko linavota kuti zipani zikhale zambiri, ndipo pambuyo pake lamulo la khoma lija linafa. Ndimaganizira kawirikawiri kuti mpingo umene ena amautonza kuti ndi wa mafano ndiwo unalimba mtima kunena poyera kuti nzeru zonse sizingakhale mwa munthu mmodzi. Sindikuti zithunzi za m'tchalitchi ndizo zinalemba kalata ija. Koma ndikhulupirira kuti munthu amene wazolowera kugwada patsogolo pa Mulungu wopachikidwa, wovulidwa ndi wotonzedwa, amakhala ndi poyezera zithunzi za amphamvu.

Nditapita kukacheza ku Chilomoni ndinaona khalidwe lina la khoma la masitepe. Pabalaza pali pamwamba ndi pansi, ndiye pamakhala funso loti akhale pamwamba ndani: Yesu, pulezidenti, kapena bambo wa m'nyumba atavala gauni ya kuyunivesite. Pa masitepe chithunzi chilichonse chimakumana ndi maso ako pa sitepe yake. Chimene unachiona m'mwamba uli pansi, ukakwera chili pamphuno pako, ukapitirira chatsala m'munsi. Wotsika amayambira pamene wokwera amathera. Lamulo loti pasakhale chokwera kuposa chakuti silingagwire pamenepa. Ndiponso pa masitepe sakhalitsapo. Ukaima pang'ono, kumbuyo kwako kuli mwana ali ndi beseni la zochapa akuti, "Agogo, tapatukani ndidutse."

Mkangano wa akamwini ndi ine ndi wakale kwambiri. M'zaka za m'ma 720 Mfumu Leo III ya ku Constantinople inayamba kulimbana ndi zithunzi zopatulika, ndipo m'zaka zotsatira zambiri zinaphwanyidwa. Amene anaziteteza mwamphamvu anali Yohane wa ku Damasiko, mmonke amene ankakhala m'dziko lolamulidwa ndi Asilamu, kumene dzanja la mfumu ya Chikhristu ija silikanamufikira. Mfundo yake inali yoti Mulungu wosaoneka sangajambulidwe, zoona, koma popeza Mulunguyo anabadwa mwa mkazi, anadya, anatopa, anakhala ndi nkhope yoti anansi n'kuizindikira pamsika, nkhope imeneyo ingajambulidwe. Msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea mu 787 unagamula kuti zithunzi zipatsidwe ulemu, kupembedza kukhale kwa Mulungu yekha, ndi kuti ulemuwo umapyola pa thabwa ndi penti kukafika kwa mwini nkhope.

Mwa zithunzi zonse za m'tchalitchi, zimene zinandilera ine ndi za Njira ya Mtanda. N'zokwana 14, chiwerengero chimene Papa Clement XII anakhazikitsa mu 1731, ndipo zimandandalikidwa m'khoma kuti munthu aziyendere. Lachisanu la m'Lenti, m'kutentha kwa ku Utale, thukuta lili kamukamu, timagwada pa chithunzi choyamba, kupemphera, kudzuka, kusuntha. Palibe amene amatsala pa chachinayi chifukwa wachikonda. Ngakhale pa cha 12, pamene Ambuye amafera, timagwada motalikirapo koma timadzukabe. Ku Roma kuli masitepe 28 otchedwa Scala Santa, amene mwambo umati ndi a kunyumba ya Pilato. Papa Sixtus V anawamangira nyumba yawoyawo cha mu 1589, makoma ake n'kujambulidwa nkhani za m'Baibulo, ndipo anthu amawakwera chogwada mpaka lero. Ku Chilomoni komweko Akhristu amakwera phiri la Michiru potsata Njira ya Mtanda, kupumira pa malo alionse kufikira pa mtanda waukulu wa pamwamba. Choncho kundandalika zithunzi m'njira yokwera si nzeru yatsopano ya okongoletsa nyumba za m'tauni. Ndi njira yakale yophunzitsira mtima kuyang'ana, kumva ululu kapena chimwemwe, ndi kupitirira.

Zonsezi ndinawauza akamwini, ndipo anandimvetsera mwaulemu. Koma chimene chinandilasa kwambiri sichinachokere kwa iwo. Nditatumiza chithunzi chija pa WhatsApp, mwana wa mlongo wanga anayankha kuti: "Amalume, ndichikonza pang'ono. Ndidula m'munsimu kuti chiyambire m'mapewa. Nsidze ndingathe kuwabwezera pa kompyuta."

Mayi anga anadwala khate. Ku Utale kuli maparishi awiri, ndipo dzina la Utale 2 limayendera limodzi ndi malo amene amishoni anatsegula osamalirako odwala khate. Kumeneko ndiko mayi analandira chithandizo. Kachilombo ka nthendayi, kamene Hansen wa ku Norway anakapeza mu 1873, kamawononga mitsempha imene munthu amamvera nayo kutentha ndi ululu. Zala sizingothothoka zokha monga ambiri amaganizira. Munthu amagwira mphika wa pamoto osamva, amaponda minga osadziwa, chilonda chimakula osachilabadira, ndipo pang'onopang'ono zala zimafupika. Kwa ena nsidze zimatha ndipo mphuno imaphwatalala. Mayi anamwa dapsone kwa zaka zambiri, kachilombo kanafa, koma zala sizimeranso. Mankhwala ophatikiza amene amachiza msanga anadzabwera m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1994 Malawi anafika pa mlingo wa bungwe la WHO wosakwana wodwala mmodzi mwa anthu 10,000. Nthendayi sinatheretu, odwala atsopano akupezekabe, koma mwana wa lero angathe kukula osaona dzanja lotero.

Chithunzicho anajambula ndi mmodzi wa anyamata aja ankazungulira m'midzi pa njinga, kamera ili pakhosi. Mayi akhala pamkeka pakhonde, avala duku ndi chitenje cha ku tchalitchi, manja ali pamaondo monga ankakhalira masiku onse. Palibe anawauza kuti awaonetse. Manja amenewo ndiwo ankamangirira khasu kumkono ndi mphira kuti lisapulumuke. Ndiwo ankapanira mthiko pakati pa zikhatho povundula nsima, ndiwo ankatola thonje mpaka kumapeto kwa mzere. Fizi yanga ya kusekondale inatuluka m'menemo. Amayi ake a mwanayu anasambitsidwa ndi manja omwewo.

Sindimudzudzula mwana wa mlongo wanga ngati munthu wouma mtima. Manyazi a khate sanawayambitse ndi iye, anawapeza. Akuluakulu amatiuza kuti kale wakhate sankaikidwa m'manda pamodzi ndi anzake. Ife tinakula tikuona mbale ya mayi ikuikidwa payokha pamaliro, ngakhale anali atachira kalekale. Ukwati wa mlongo wanga wina unagwedezeka pamene akuchimuna anamva manong'onong'o oti kwawoko kuli khate. Mwambi uja woti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, timaunena mosavuta pabwalo, koma ukafika pakhoma limene alendo a kuntchito adzadutsepo, lilime limalemera. Mwanayu ankafuna kuwapatsa agogo ake chimene nthenda inawalanda. Chikondi chinalimo.

Koma ndinakana, ndipo chifukwa changa ndi cha chikhulupiriro. Ngati tikunena kuti nkhope ya munthu ingajambulidwe chifukwa Mulungu anavala thupi, tiyenera kuona thupi limene Iye anasankha kusunga. Pa Yohane 20, Yesu wouka kwa akufa akadali ndi mabala a misomali ndi a mkondo, ndipo Tomasi akumuzindikira ndi mabalawo. Amene anagonjetsa imfa sakanalephera kutseka zipsera, koma anazisiya. Pa malo achisanu ndi chimodzi a Njira ya Mtanda timakumbukira Veronika, nkhani imene ili mu mwambo wa mpingo ngakhale mulibe m'Mauthenga Abwino, ndipo nkhope yotsala pansalu yake ndi ya munthu womenyedwa, yotupa ndi yamagazi. Chikhristu chimene chimalola zithunzi chinayamba ndi kulola nkhope yotere. Sichingatembenuke n'kunena kuti nkhope ya mayi anga iyambe yakonzedwa isanakwere khoma.

Apa ndi pamene lamulo la akamwini lija linabwera kumbali yanga. Fano ndi chinthu chimene timapanga ndi manja athu kuti chifanane ndi zofuna zathu, n'kumachipatsa ulemu wa chinthu chenicheni. Agogo a nsidze zakuda, opanda manja ochititsa manyazi, ndi munthu amene sanakhaleko. Tikanamupachika ameneyo, ana akanalemekeza chopanga chathu, mayi enieni n'kuikidwanso payekha monga mbale ija. Chithunzi chosakonzacho sichitikomera m'maso, choncho n'chovuta kuchisandutsa fano. Chimafunsa mafunso. Mwana akachiona afuna kudziwa chinachitika n'chiyani, ndipo woyankha ayenera kunena za nthenda, za mankhwala, za masisitere amene ankatsuka zilonda zimene abale ankaziopa, ndi za anthu ochira khate amene ali moyo lero ku Utale, okalamba, ena opanda wowatungira madzi. Chithunzi chotere chimakutulutsa m'nyumba.

Za mizimu ndinawayankha akamwini mwachidule. Makolo athu sanafunepo nkhope kuti alankhule ndi akufa awo. Ankathira nsembe ya ufa ndi mowa patsinde pa msolo kapena mpoza, ankamanga kachisi, ankapatsa khanda dzina la malemu. Ku Chongoni, ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO inawazindikira mu 2006, mupeza mizere yofiira ya Akafula ndi zinyama zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau, koma simupeza nkhope yoti n'kunena kuti uyu ndi uje. Gule Wamkulu amaonetsa mzimu pobisa nkhope ya munthu. Kamera ndi mlendo wa dzulodzuloli. Inafala ndi amishoni, ndi aboma, ndi amuna opita ku Joni ndi ku Salisbury amene ankatumiza kumudzi zithunzi atavala suti. Lero chithunzi chimatsogolera bokosi pamaliro ndipo chimadindidwa pa malaya tsiku lovundukula chiliza. Ngati mizimu imayendera amoyo, sinayambe yadikira kamera, ndipo kuchotsa chithunzi sikutseka khomo lililonse. Chimene ndaona ine n'chakuti mwana amaopa kwambiri wakufa amene sakumudziwa nkhope, amene akulu amamutchula monong'ona. Akamuona atakhala pamkeka, duku lili kumutu, amadziwa kuti anali munthu wa kwawo.

Pali pamene akamwini akulondola, ndipo sindikufuna kupabisa. Khoma limatha kukhala lodzitamandira. Ndalowapo m'nyumba zimene chithunzi chilichonse ndi cha mwini nyumba: ali pa galimoto yatsopano, ali ku Johannesburg, akugwirana chanza ndi nduna. Munthu wokwera masitepe otere amadziona yekha kuyambira pansi mpaka pamwamba, m'mawa ndi madzulo, ndipo ndikuopa kuti mzimu wake umafota. Zojambula za mwana wa mlongo wanga ndimazikonda chifukwa ngakhale zili za manja ake, maso ake ali kunja, kwa amayi a m'munda wa thonje ndi kwa mtsinje wouma. Palinso chisoni chimene chimakana kusuntha. Ndikudziwa bambo wina amene akazi ake atamwalira ankakhala tsiku lonse moyang'anizana ndi chithunzi chawo, kuchiuza zonse, ana amoyo akugona ndi njala ya mawu a bambo awo. Pamenepo chithunzi chinali chitasanduka njoka ya m'masiku a Hezekiya, ndipo abale anachita bwino kuchitsitsa kwa kanthawi. Mkatolika amene amakana kuti zotere zimachitika pakati pathu sakunena zoona. Ndaona anthu akusisita chifanizo cha woyera ngati chithumwa, osapereka moni kwa wokhala naye benchi imodzi.

Tinakambirana pakhonde ku Chilomoni, atatu tonse. Akamwini anati: "Amalume, ngati chikwere, chikwere ngati mbiri ya banja. Pasayatsidwe kandulo, pasaikidwe maluwa, ndipo ana anga asaphunzitsidwe kulankhula nacho." Ndinavomera, chifukwa nyumba ndi yawo ndipo chikumbumtima chawo si changa choti ndichiponde. Ine ndinapempha changa: "Akamwini, manja aoneke, ndipo nkhope isakhudzidwe." Iwo sanavute konse pa ichi. Anati ngati chinthu chikhale pakhoma lawo, chikhale choona. Mwana wa mlongo wanga anakhala chete kwa nthawi, kenaka anafunsa ngati angalembe pansi pake dzina la agogo, mudzi wawo, ndi mawu oti anadwala khate nachira. Chinapachikidwa pakati pa chojambula cha amayi a thonje ndi galimoto ya makrayoni ya mwana wawo wamng'ono, pamalo pokhotera masitepe.

Chatsala ndi chachikulu kuposa chithunzi, ndipo sitinagwirizane. Ine ndimakhulupirira kuti oyera mtima amayanjana, amoyo ndi akufa, kuti ndingathe kuwapempherera mayi ndipo iwo angathe kundipempherera, popeza onse tili mwa Khristu mmodzi. Akamwini amati wakufa nkhani yake yatha, ili m'manja mwa Mulungu, ndipo pemphero langa silisintha kanthu kumeneko. Aliyense wa ife ali ndi mavesi ake ndipo tonse tikuwadziwa a mnzathu. Pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira mizimu ya okhulupirira onse, ndidzapita kumanda ku Utale monga ndichitira chaka ndi chaka. Ndawaitana akamwini. Anena kuti abwera ndi ana pa basi mpaka pa Balaka, adzagwira nawo khasu polambula, koma ikadzafika nthawi ya kolona iwo adzaima pambali.